Bondo Langa Linatsalira ku Joni

Bambo anga anapita ku Joni kukakumba pansi. Anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene chinawapha. Ine ndinapita ku Joni komweko kukamenya mpira, ndipo kwathu ankati ndalembedwa ntchito yosewera. Mpaka lero alipo amene amaganiza choncho. Ndikayamba kufotokoza amandidula pakamwa, amati munthu angavutike bwanji ndi masewera.

Masiku amenewo ndinali wodula nzimbe pa esiteti ku Dwangwa. Kwathu kwenikweni ndi kumunsi kwa Bua, kumene bambo anatisiyira dambo la mpunga, koma ine ndinkakhala m'malayini a antchito ndi mkazi wanga Asiyatu ndi mwana wathu Mariamu, amene anali akadali kumsana. M'mawa chikwanje m'manja, thupi lonse bii ndi mwaye wa nzimbe zowotcha. Tikaweruka, kubwalo. Ndinkatchinga kumbuyo, nambala faifi. Ndinali wamtali, wa chifuwa chotambalala, ndipo mpira ukabwera m'mwamba anzanga sankavutikanso n'kudumpha, ankadziwa kuti ndi wanga.

Inali nthawi imene tinali titangovota matipate. Aliyense ankati zitseko zatseguka, ku Joninso azungu anali atatsika pampando. Tsiku lina timu yathu inakasewera ku Lilongwe. Tinagonja, koma potuluka m'bwalo anandiimitsa bambo wina wa jekete lachikopa, wonunkhira mafuta abwino. Anati ntchito yake ndi kupezera anyamata matimu a kunja. Anandigwira ntchafu ngati akugula ng'ombe, nati, "Miyendo iyi ukuitayira m'nzimbe. Ku Joni akufuna anthu ngati iwe."

Nditafika kunyumba Asiyatu anamvetsera nkhani yonse akuyamwitsa mwana.

"Bambo a Mariamu, mpira ndi ntchito?"

"Kumeneko ndi ntchito. Amalipira pamwezi."

"Nanga mukathyoka?"

Ndinaseka. Ndinali ndisanadwalepo ngakhale dzino.

Amene anandikankha kwambiri ndi achimwene anga a Yusufu. Anabwera panjinga kuchokera ku Bua kudzandiuza kuti mwayi sugogoda kawiri pakhomo pa wosauka. Anati mlamu wawo ndi mwana adzawayang'anira okha, ndipo chilichonse chimene ndizitumiza chizidzera m'manja mwawo popeza mkazi sadziwa za kupositi. Anandiperekeza kwa shehe kukandiwerengera dua. Ndinakwera minibasi pamsewu waukulu, chikwama chimodzi, m'katimo muli jombo zanga zosokedwa ndi waya.

Za ulendo ndimakumbukira mlatho wa ku Tete, madzi ambirimbiri pansi pake, ndi msilikali amene anatitsitsa tonse kuti aone ngati tili ndi nkhope zofanana ndi zithunzi. Titafika, bambo wa jekete uja anandilowetsa mu ofesi ya mwini timu, anatenga pasipoti yanga n'kuiika pa tebulo, anagwirana chanza ndi mwini timuyo, anatuluka. Sindinamuonenso. Pasipoti inalowa mu kabati yachitsulo.

Inali tauni yaing'ono ya migodi kumene golide anali atayamba kutha. Mwini timu anali munthu wakuda ngati ife, wa maminibasi ambiri, ndipo mtima wake wonse unali pa chinthu chimodzi: timu yake ichoke mu ligi yaing'ono ikwere yaikulu. Osewera a komweko ankakhala kwa makolo awo m'makomboni. Ife alendo anatiika mu komponi yakale ya mgodi wotsekedwa. Mabedi ake anali a simenti, osanjikizana ngati mashelefu a m'golosale, makoma akuda ndi utsi wa anthu amene anagonamo kale. Nditayala bulangete tsiku loyamba ndinaganiza za bambo anga. Mwina anagona pamalo ngati amenewa, akukhosomola fumbi lomweli.

M'chipinda chimenecho ndi m'mene ndinapeza Armando. Anali wa ku Tete, womwetsa zigoli, wamfupi, wa miyendo yokhota ngati uta. Nditalowa anandiyang'ana nati, "Wabwera liti, m'bale?" Ndinatsala pang'ono kulira. Chinyanja chake chinali chosakanikirana ndi za kwawo, koma tinkamvana. Anali wamkulu kwa ine, wamkulu kuposa zaka zimene zinalembedwa pa mapepala ake, ndipo anali atakhala kumeneko chaka chathunthu.

"Kochi usamuope," anandiuza. "Kochi amangofuna mpira. Uziopa Sajeni."

Sajeni anali mzungu wofiira khosi, wometa mpala, amene anakhalapo msilikali nthawi ya boma lakale. Dzina lake lenileni sitinkalitchula. Mpira sankaudziwa kwenikweni, ntchito yake inali matupi athu. Mwini timu anamulemba atamva kuti matimu akuluakulu ali ndi munthu wotero. Ankavala kabudula nyengo zonse, wezulo m'khosi, wotchi m'manja.

Ine ndinabwera ndikudziyesa wamphamvu. Munthu wodula nzimbe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu angaope chiyani? Tsiku loyamba lomwelo ndinasanza katatu, kachitatu kunalibenso chotuluka. Kuseri kwa bwalo kunali phiri lachikasu la dothi lotuluka mu mgodi, lopanda mtengo ngakhale udzu. Tinkalikwera tikuthamanga, mapazi akumira mpaka mu akakolo, fumbi lake lowawa pakhosi ngati mankhwala. Ukafika pamwamba, wezulo, utsike. Ukafika pansi, wezulo, ubereke mnzako kumsana ukwerenso. Masana kunali zitsulo zonyamula, zingwe zodumpha, kukoka tayala la lole lomangidwa m'chiuno. Mpira tinkaukhudza madzulo, miyendo ikunjenjemera kale.

Lolemba lililonse kunali sikelo. Tinkavula n'kutsala ndi kabudula wam'kati, n'kuima pamzere. Wonenepa pang'ono ankapita kuphiri yekha anzake akupuma. Chakudya chinali cha lamulo: sipageti, mazira owiritsa, masamba osaphika ngati tili mbuzi. Ine mwana wa kondowole ndinkadzuka pa tebulo m'mimba muli pululu. Lamlungu masana ine ndi Armando tinkatseka chitseko, kuphika pa kambaula kathu nsomba za m'chitini, iye akundiuza za pende wa mu Zambezi, ine ndikumuuza za mpasa wa mu Bua, mmene amakwerera mtsinje madzi akadzaza. Tinkakangana kuti nsomba yokoma ndi iti ngati kuti ili m'mbale.

Sindinama, thupi linasintha. Patapita miyezi ingapo ndinkatha masewera onse osamva kupuma kwanga. Ndinkadumpha n'kumva ngati ndaima m'malere kudikira mpira. Tsiku lina tinasewera ndi timu ya pamwamba pathu, Armando anagoletsa ziwiri, ine ndinatchinga mpaka womwetsa zigoli wawo anavula jezi n'kuiponya pansi. Anthu omwe mkati mwa sabata ankatitukwana m'sitolo kuti makwerekwere, dzina lonyozera alendo, anatinyamula pamapewa. Tsiku limenelo ndinkaona ngati achimwene ananena zoona.

Koma mlendo sankaloledwa kutopa. Malo a alendo m'timu anali ochepa mwa lamulo la ligi, ndipo pageti sipankasowa anthu. A ku Zaire, a ku Zambia, a ku Mozambique, ankakhala pa mwala jombo zili m'khosi, kudikira kuti wina wa ife alephere. Chaka chilichonse ligi isanayambe kunali mayeso. Sajeni ankaika chizindikiro, n'kuliza wezulo, ife n'kumazungulira bwalo. Wezulo wachiwiri akalira usanafike pachizindikirocho, walephera. Mwana wa komweko akalephera ankapatsidwa sabata ina. Mlendo akalephera ankapatsidwa pasipoti yake.

Zokonzekera ligi zinkagwa mu Januwale ndi Febuluwale, dzuwa la kumeneko lili pachimake, ndipo zaka zimenezo Ramazani inkagwera momwemo. Ine kuyambira ndili mnyamata ndinali ndisanadumphepo tsiku la kufunga, ngakhale m'nzimbe. Ndinayamba mwakachetechete. Ndinkadya daku wa buledi ndi madzi kusanache, n'kupita kuphiri ndi anzanga. Nthawi ya madzi ndinkatembenuka ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Masiku angapo anadutsa, kenako Sajeni anaona milomo yanga.

"Iwe, bwanji sukumwa?"

Ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti ndikufunga, ndimwa dzuwa likalowa.

Anaimitsa timu yonse. Anabwera ndi botolo n'kuliika pachifuwa panga.

"Thupi ili si lako. Abwana analigula. Mulungu wako akafuna lake apeze lina. Imwa, apo ayi katenge chikwama."

Anyamata ena ankaseka. Ndinayang'ana kugeti, anthu atatu ali pa mwala. Ndinaganiza za Mariamu. Ndinamwa. Madzi aja anali ozizira, okoma, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

Masana amenewo Armando anakankha mbale yake osaikhudza. Iye anali wa Katolika, wa korona m'khosi.

"Bwanji sukudya?"

"Lero ndikufunga m'malo mwako. Mulungu ndi mmodzi, akalembe kwa iwe."

Anakhala ndi njala mpaka dzuwa linalowa, atathamanga phiri lonse lija. Munthu wotero sindinamupezenso, ngakhale pakati pa obadwa nawo mimba imodzi.

Kumudzi ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, kudzera kwa achimwene monga tinapangana. Uthenga wawo unkabwera waufupi: onse ali bwino, ulimbike, nsapato za ku Joni ndi zolimba utumizeko. Ine ndinkangoyankha kuti zikuyenda. Ndikanati chiyani? Kuti ndimasanza pa phiri la mgodi? Kuti sindingathe kubwera chifukwa pasipoti ili mu kabati ya munthu?

Chaka chotsatira Armando anamva kuti mayi ake akudwala. Anagwada mu ofesi mpaka mwini timu anamubwereka pasipoti yake yomwe, kuti akadye Khirisimasi ku Tete. Anabwerako kumayambiriro kwa Januwale ali wosangalala, atanditengera nsomba zouma m'nyuzipepala. Patapita sabata anayamba kudandaula mutu. Tsiku la mayeso litafika anadzuka akunjenjemera, mano akugundana, atavala majezi awiri dzuwa likuswa mtengo. Tonse m'chipindamo tinadziwa kuti ndi malungo. Ku Tete inali nthawi ya mvula.

Tinapita awiri kwa Sajeni. Ndinamupempha kuti Armando apite kaye kuchipatala, adzayesedwe sabata ina.

"Tsiku la mayeso aliyense amadwala," anatero osatiyang'ana. Kenako analoza kugeti ndi wezulo wake. Pa mwala panali munthu wamtali wa ku Zaire.

Ndinamukokera Armando pambali.

"M'bale, zisiye. Moyo ndi umodzi."

"Ndikasiya ndipita kuti? Mayi akumwa mankhwala ndi miyendo yanga iyi. Ungothamanga pambali panga, ukaona ndikutsalira unditukwane."

Tinathamanga. Ndinkamva kutentha kwa thupi lake ndili pambali, ngati ndayandikira uvuni wa njerwa. Maulendo oyamba ankapita bwino. Kenako anayamba kupepesuka, kuponda mzere, kubwerera. Ndinamutukwana monga anandipempha. Ndinatukwana miyendo yake yokhota, ndinatukwana nsomba za mu Zambezi. Anaseka pang'ono, malovu atauma m'mbali mwa kamwa. Tinadutsa chizindikiro limodzi, wezulo n'kulira kumbuyo kwathu. Sajeni anayang'ana wotchi nati, "Wakhoza."

Armando anakhala pansi pa udzu. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, anayamba kulankhula Chipwitikizi, kenako anagwa chagada, thupi likugwedezeka. Tinamunyamula pa chitseko cha kuchimbudzi chimene tinachizula. Minibasi ya abwana inachedwa chifukwa inali ndi anthu olipira. Kuchipatala anati malungo alowa mu ubongo. Sanadzukenso.

Mwini timu anati kutumiza mtembo ku Tete ndi nkhani yaitali ya mapepala. Tinamuika m'manda a tauni yomweyo, kumbali kumene kuli anthu a m'migodi amene abale awo sanabwere, mitumbira yokhala ndi nambala m'malo mwa mayina. Tinalipo alendo okhaokha, ndi mayi wina amene ankatichapira majezi. Wansembe sanapezeke. Ine Msilamu ndinamuika korona m'manja, ndinanena mapemphero amene ndimawadziwa. Tinabwerera m'mawa womwewo chifukwa masana kunali zitsulo. Loweruka timu inaima chete kwa kanthawi masewera asanayambe, atamanga tinsalu takuda pamkono. Wa ku Zaire uja anavala nambala ya Armando, ndipo anagona pa bedi lake. Sindinadane naye. Nayenso anali ndi mayi kwawo.

Kuyambira pamenepo ndinkasewera ngati munthu wolima munda wa mwini. Ndinkafika, ndinkathamanga, ndinkatchinga. Sajeni anayamba kundipereka chitsanzo kwa ena, ankati onani Mmalawi uyu, salankhula.

Bondo linapita nthawi yozizira, mabwalo atauma gwa ngati msewu. Ndinadumphira mpira, potera mwendo wamanja unatsalira m'kadzenje thupi likutembenuka. Ndinamva kuti thwa, ngati chingwe cha ngalawa chaduka. Pofika madzulo bondo linali ngati dzungu. Dokotala wa timu, amene ankabwera masiku a masewera okha, analikanikiza nati likufunika kung'ambidwa, ndipo ndikhale miyezi yambiri osasewera. Ananena zimenezi mwini timu ali pomwepo. Timu inali pafupi kukwera ligi yaikulu, kutatsala masewera ochepa.

"Palibe njira ina?" anafunsa abwana.

Njira inalipo. Anakoka madzi m'bondomo ndi singano yaikulu, ndipo Loweruka lililonse tisanalowe m'bwalo ankandibaya jakisoni. Mwendo unkafa, ndinkathamanga pa chinthu chimene sindikuchimva. Mankhwala akatha mphamvu ndinkaluma bulangete. Lamlungu sindinkaponda pansi. Lolemba ndinkaima pa sikelo ndi mwendo umodzi. Abwana anandigwira paphewa nati tikangokwera, iwo eni adzandipititsa kuchipatala cha azungu ku tauni yaikulu.

Tinakwera. Tsiku limenelo maminibasi onse a abwana anazungulira tauni akuliza mahutala, anthu atakwera pamwamba. Anapha ng'ombe. Ine ndinadya nyama yanga nditakhala pa kreti, mwendo uli pa chidebe cha madzi oundana.

Za chipatala sizinatchulidwenso. Ndikapita ku ofesi ankati abwana atuluka. Januwale atafika Sajeni anaika chizindikiro chake, tsopano patali kuposa kale popeza tinali a ligi yaikulu. Ndinapempha jakisoni, anati jakisoni ndi wa masewera, si wa mayeso. Ndinathamanga mmene ndikanathera. Wezulo analira ndili kutsidya lina la bwalo, ndikukoka mwendo ngati nkhuku yomangidwa. Sajeni sanakalipe. Anangobwera nati, "Unali wabwino." Unali. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi atatu.

Masana omwewo anandipatsa pasipoti. Chilolezo chogwirira ntchito chinali chitatha kalekale, palibe anachikonzanso. Manyazi obwerera chimanjamanja anandisunga kumeneko miyezi ina. Wosamalira bwalo, mkulu wina wachifundo, ankandipatsa ganyu wothira laimu m'mizere ndi kutchetcha udzu, ndipo ndinkagona m'kanyumba kosungira matayala ndi zingwe zomwe zija. Loweruka ndinkaona anzanga akulowa m'bwalo pa mizere imene ndajambula ine. Ena ankandipatsa moni, ena ankayang'ana kumbali ngati kulumala n'kopatsirana. Apolisi atayamba kusesa alendo m'tauni, ndinapeza dalaivala wa lole wa kwathu kuno amene anandibisa kumbuyo kwa mpando mpaka ku Mwanza.

Ndinatsikira ku Dwangwa, koma m'nyumba yathu ya m'malayini munali anthu ena. Anandiuza kuti Asiyatu anatulutsidwa nditangochoka, popeza nyumba ndi ya wantchito. Ndinamupeza ku Benga, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, akuyeza mpunga m'matumba. Anali atayamba geni, kugula mpunga ndi usipa n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Anali atanenepa pang'ono, mawu ake atalimba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso ake n'kuima pa mwendo.

"Mwabwera."

"Ndabwera, mayi a Mariamu."

"Katundu ali kumsewu?"

"Ndi yemweyu."

Anaitana Mariamu kuti adzapereke moni. Mwanayo anagwada patali, nati, "Takulandirani," monga anaphunzitsidwa kulandira alendo, n'kuthawira kwa anzake.

Pang'ono ndi pang'ono ndinamva zonse. Zimene ndinkatumiza zinkafika kwa Asiyatu mwa apo ndi apo, sopo ndi shuga pa Idi. Zotsalazo zinali zitasanduka golosale ya malata pamsewu, yolembedwa dzina la achimwene. Dambo la bambo analibwereketsa kwa munthu wa ku boma. Iwo anali atakhala tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ankayenda ndi baji pachifuwa. Nditawafunsa anakwiya ngati ndawalakwira ndine.

"Iwe unkadya za azungu uko ukusewera, ife tikusunga mudzi. Lero ukufuna kundizenga mlandu? Munthu wa ku Joni amabwera ndi galimoto. Iwe wabwera ndi chiyani?"

Ndinabwerera ku esiteti kukapempha chikwanje changa. Kapitawo anandiuza kuti ndiyende kuchokera pa khomo kufika pa mtengo. Ndisanafike anati basi, nzimbe sizidulidwa ndi mwendo umodzi. Ndinayamba kukhala pakhonde, kusoka matumba a mkazi wanga ndi kuthamangitsa nkhuku pa mpunga woyanika. Asiyatu sanandinyoze, sanandithamangitse. Ankandipatsa chakudya, ankandifunditsira madzi. Koma tsiku lina nditamufunsa chifukwa chimene sandiuzira akamapita ku Lilongwe, anayankha akumanga chitenje, "Ndinazolowera kusauza munthu."

Nthawi ya kampeni itayandikira achimwene anabwera okha, akumwetulira ngati palibe chinachitika. Munthu amene ankafuna uphungu m'dera lathu anali atakhazikitsa chikho cha mpira, ndipo ndime yomaliza inali pabwalo la sukulu ku Benga konkuno. Ankafuna kuti ine, mwana wa mudzi amene anasewera ku Joni, ndidzamenye mpira woyamba pamaso pa anthu.

"Ungoukankha kamodzi, anthu aombe m'manja. Bwanayo akapambana sadzakuiwala. Mwina n'kukupezera ya ulonda ku boma."

Asiyatu anamva ali m'nyumba. Achimwene atachoka anati, "Musapite." Koma ine ndinali nditatopa ndi kusoka matumba. Ndipo ndinene zoona, ndinkafuna kumva anthu akufuula chifukwa cha ine, kamodzi kokha, kwathu.

Tsikulo bwalo linadzaza. Amayi a chipani ankavina atavala nsalu za nkhope ya munthuyo, anthu ena ali m'mitengo ya mango. Anandiveka malaya a chipani pamwamba pa jezi yanga yakale. Achimwene anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kunditamanda: kuti ndinagwedeza Joni yense, kuti azungu ankandiopa, kuti ndabwerera chifukwa chokonda kwathu. Anaika mpira watsopano pakati pa bwalo, woyera, wonunkha sitolo. Anthu anayamba kuimba.

Ndikanangoukankha pang'ono monga anandiuzira. Koma nditauona mpira uja thupi linakumbuka zake. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinathamanga, ndinaponda ndi mwendo wamanja kuti ndimenye ndi wamanzere. Bondo linapinda cham'mbali ngati phesi lonyowa. Ndinagwa chafufumimba, fumbi m'kamwa, mpira uli pomwepo osasuntha.

Kenako wina m'mtengo anafuula, "Ndi wa ku Joni ameneyo!" Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Wofuna uphungu uja anaseka nawo, anapita yekha pa mpira n'kuumenya ndi nsapato yake yonyezimira, amayi n'kululutira. Achimwene anali atatembenukira kale kwa iye, akuomba m'manja. Matimu anayamba kulowa, osewera akundilambalala ngati chitsa.

Ndinayesa kudzuka, mwendo unakana. Ndili chigonere ndinaona chitenje chikubwera pakati pa miyendo ya osewera. Anali Asiyatu. Anali atabwera kudzagulitsa mpunga wophika kumbali kwa bwalo, ndipo anasiya beseni lake lopanda woliyang'anira. Sanayang'ane munthu aliyense. Anagwada, anandivula malaya a chipani aja n'kuwasiya pa fumbi pomwepo, analowetsa phewa lake m'khwapa mwanga.

"Gwirani apa, bambo a Mariamu. Musaponde, tsamirani ine."

Tinadutsa bwalo lonse pang'onopang'ono, woyimbira mpira akudikira kuti tituluke. Anthu ena anasiya kuseka, ena sanasiye. Titafika kumsewu ndinamufunsa za beseni lake.

"Anthu adye," anatero. "Aona kale zimene anadzera."

Kuseri kwathu wezulo analira, masewera anayamba. Sitinacheuke.